Wina Akakhala Pansi Pakati pa Phiri

Uthenga wa sabata ino ndi wautaliko. Ngati moto wa mufoni watsala pang'ono, tchajani kaye, mudzawerenge mutakhala pansi, chifukwa nkhani yake ikufuna kuti tiiganizire bwino.

Tili m'masika. Mvula yakata, chimanga chauma m'minda, ena akukumba nsawa, ena akupuntha soya ndi mpendadzuwa. M'mawa kwayamba kuzizira, ndipo dzuwa la masana silinafike poopsa ngati la mu Okutobala. Iyi ndiyo nyengo imene magulu ambiri amapangana zokwera phiri: achinyamata, amayi, a kwaya, ana a sukulu. Ena amapita kukapemphera, ena kukangoona dziko ali pamwamba. Kuno ku Chadiza mapiri sitichita kufunafuna, ndipo anzathu a ku Katete ali ndi Mphangwe, a ku Chipata ali ndi Kanjala.

Aliyense amene anakwerapo phiri pagulu akudziwa mmene zimayendera. Patsinde timanyamuka tili chigulu chimodzi, nyimbo ili pakamwa. Pakangotha mphindi 30, mzere watalika. Anyamata atsogola, mawu awo akungomveka chapatali. Kumbuyo kwatsala amayi ena a thupi, agogo a ndodo, ndi mtsikana amene wavala nsapato zoterera. Udzu wa masika ndi wautali, umabisa miyala, ndipo chitedze nacho chayamba kuyabwa. Kenako wina amakhala pamwala, akupuma mwabefu, n'kunena mawu amene tonse tinawamvapo: "Pitani abale, ine ndalekeza pano. Mundipeza pobwera."

Funso la sabata ino lagona pamenepo. Amene mphamvu zikadalipo achite chiyani? Apitirire kapena aime?

Tisafulumire kuyankha ngati kuti n'zapafupi. Amene amati tiyeni tipitirire si onse ouma mtima. Tamverani zifukwa zawo. Ulendo unakonzedwa kalekale, anthu asiya ntchito yokolola, ena asonkha ndalama ya galimoto. Wina wabwera ndi mtolo mumtima, akufuna akapempherere mwana wodwala kapena mayeso a Giredi 12 ali pamwamba. Masiku ano dzuwa likulowa msanga, ikamati 18 koloko kunja kwada, ndiye ola lililonse lotayika panjira ndi ngozi kwa onse potsika. Komanso mwiniwake wanena yekha kuti pitani. Kodi anthu 20 abwerere chifukwa cha mmodzi? Ngati lamulo ndi lakuti gulu liziima paliponse pamene wina watopa, palibe adzaonepo pamwamba pa phiri lililonse.

Mbali inayi nayonso ili ndi mawu ake. Tinanyamuka limodzi, ndipo kunyamuka limodzi ndi pangano ngakhale palibe anasaina pepala. Amayi ajawa sakanalowa kuthengo kuno okha. Abwera chifukwa chodalira ife, ndipo a kunyumba kwawo anawalola chifukwa anamva kuti apita ndi a kumpingo. Tikawasiya pamwala paja, tawafikitsa pamalo pamene sakanafika okha, kenako tawachotsera chimene anadalira.

Nkhaniyi yavutitsapo anthu ngakhale kumaiko akutali. Phiri lalitali kuposa onse padziko lapansi ndi Everest, la mamita 8,849, m'malire a Nepal ndi China. Kumtunda kwake mpweya ndi wochepa kwambiri moti munthu amavutika kunyamula ngakhale mwendo wake womwe. Mu Meyi 2006, David Sharp wa ku England, wa zaka 34, anatheratu mphamvu kufupi ndi nsonga, n'kukhala pansi pa thanthwe m'mbali mwa njira. Anthu pafupifupi 40 anadutsa pamalopo. Ena sanamuone chifukwa cha mdima, ena anamuyesa mtembo, ena anayesa kumuthandiza pobwera koma nthawi inali itatha. Anafera pomwepo. Edmund Hillary, mmodzi wa anthu awiri oyamba kufika pansonga ya phirili mu 1953, anadzudzula kwambiri zimenezi.

Pasanathe milungu iwiri, paphiri lomwelo, Lincoln Hall wa ku Australia anagona panja usiku wonse, anzake atamusiya poganiza kuti wamwalira. M'mawa mwake Dan Mazur ndi kagulu kake, ali paulendo wopita kunsonga, anamupeza ali moyo. Anaima, anamupatsa mpweya wa m'mabotolo awo, n'kukhala naye mpaka thandizo litafika. Pofika nthawiyo kunali kutachedwa kuti apitirire, ndipo anatsika osaponda pansonga, ngakhale ulendo wotere umadya ndalama zankhaninkhani ndi miyezi yokonzekera. Hall anapulumuka, anakhala ndi moyo mpaka 2012.

Sitingaweruze onse 40 aja ife tili pansi pa mtengo wa mango kuno. Pamalo otero kunyamula munthu n'kovuta zedi, ndipo Hall anali kutha kulankhula pamene Sharp anali atauma kale ndi chisanu. Koma nkhani ziwirizi zikutionetsa chinthu chimodzi. Munthu akaika maso pansonga, maso omwewo amaleka kuona za m'mbali mwa njira. Zifukwa zopitirira zimangobwera zokha, ndipo zimamveka bwino: mwina wafa kale, mwina anzake akubwera m'mbuyomu, nanga ine ndekha ndingachitenji? Mapiri athu ndi aafupi, koma mtima wa munthu ndi womwewo.

M'buku la 1 Samueli, chaputala 30, muli nkhani imene imathandiza kwambiri, chifukwa muli kusiyidwa panjira kwa mitundu iwiri. Davide ndi anthu ake 600 anapeza mudzi wawo wa Zikilagi utatenthedwa, akazi ndi ana atatengedwa ndi Aamaleki. Anayamba kuwalondola. Atafika pamtsinje wa Besori, anthu 200 analema moti sanathe kuwoloka. Davide sanabweze gulu lonse. Anawasiya pamtsinjepo ndi akatundu, iye n'kupitirira ndi 400. Ndiye amene amati nthawi zina kupitirira n'koyenera ali ndi poimira, ngakhale tiyenera kukumbukira kuti Davide ankathamangira kukapulumutsa miyoyo, sankathamangira kukajambulitsa chithunzi.

Kutsogoloko anatola munthu m'thengo, mnyamata wa ku Ejipito, atatha masiku 3 osadya osamwa. Anali kapolo wa Mwamaleki wina, ndipo mbuye wake anamusiya chifukwa anadwala paulendo. Anthu a Davide, changu chonsecho, anaima n'kumupatsa madzi ndi chakudya mpaka mphamvu zinabwerera.

Tayerekezani lomba. Aja 200 anatsala pamadzi, ali ndi anzawo, pamalo odziwika, ndipo Davide anabwerera njira yomweyo n'kuwalonjera. Ena mwa amene anakamenya nkhondo atanena kuti otsalawo asalandireko zofunkha, Davide anakana, n'kukhazikitsa lamulo loti wotsala ndi katundu ndi wopita kunkhondo azigawana mofanana. Mnyamata uja anatsala yekha, wopanda madzi, wopanda womubwerera, chifukwa m'maso mwa mbuye wake anali atasanduka cholemetsa. Chilankhulo chathu chili ndi mawu awiri apa, kusiya ndi kutaya. Davide anasiya, Mwamaleki anataya. Ndipo munthu wotayidwayo ndi amene anadzalondolera Davide kumsasa wa adani ake.

Choncho yankho langa ndi ili. Si tchimo kuti ena afike pamwamba wina atatsala. Tchimo ndi kutaya munthu, ndipo kutaya kumazindikirika ndi mafunso atatu. Watsala ndi ndani? Watsala ndi chiyani? Tikabwera, tidzamuona ngati mnzathu kapena ngati wolephera? Ngati watsala yekha, tamutaya. Akulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo paphiri mwambiwu si fanizo chabe, pakuti m'udzu muli njoka ndipo munthu wokomoka sangadziimbire foni. Ngati watsala wopanda madzi, wopanda mthunzi, tamutaya. Ngati pobwera tikumuseka, kapena tikulankhula ngati madalitso atsalira kwa ofika pamwamba okha, tamutaya kachiwiri.

Mapiri a kwathu kuno ali ndi phunziro lawolawo. M'boma lathu lino la Chadiza muli phanga la Kalemba, lodziwika ndi zojambula za pamwala. Katswiri wofukula zakale, David Phillipson, anakumba mmenemo mu 1971, ndipo zimene zinapezeka zinaonetsa kuti anthu ankakhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Mbiri ya anthu a m'deralo imakumbukiranso kuti phangali linali pothawira m'masiku a nkhondo za Angoni, amene anawoloka Zambezi mu 1835 ndi mfumu yawo Zwangendaba. Lero Achewa ndi Angoni tinakwatirana, timakhala pabenchi imodzi m'tchalitchi, ndiye sindikudzutsa zakale. Ndikungofuna tiganizire anthu amene ankathawira kumapiri aja. Iwo sankakwera kuti akaone amene ayambe kufika. Mudzi umene ukanapulumutsa anyamata othamanga okha, n'kusiya ana, amayi apakati ndi okalamba kuchigwa, ukanatheratu. Kwa makolo athu phiri linali malo osungirako ofooka. N'zomvetsa manyazi ngati ife talisandutsa malo oonetsera kuti wamphamvu ndani.

Tsopano tibwere ku mawu aja akuti, "Pitani, ndili bwino." Kodi si chilolezo chimenecho? Abale, tonse tikudziwa mmene tinaleredwera. Mlendo amati ndakhuta njala ili kumupweteka. Agogo amati musavutike nane pamene akufunitsitsa kuti wina akhale nawo. Munthu amene watopa pamaso pa gulu ali ndi manyazi, ndipo manyazi ndi amene akulankhula. Kulandira mawu amenewo mwamsanga chifukwa akugwirizana ndi zimene ife tikufuna, n'kudzinamiza. Wofuna kudziwa zoona amakhala pansi, amayang'ana nkhope, amafunsa kachiwiri mwakachetechete anthu ena atasendera uko. Pamenepo m'pamene umamva kuti, "Mutu ukuzungulira," kapena, "Sindinamwe mankhwala m'mawa."

Apa pali chinthu china chimene chiyenera kunenedwa poyera, chifukwa chimachitika pakati pa anthu opemphera. Wina akalephera kukwera, pamapezeka wonena kuti chikhulupiriro chachepa, kapena kuti pali chimene chikumumanga. Mawu otere ndi nkhanza, ndipo amaika moyo pachiswe, chifukwa munthu amadzikakamiza kuimirira kuti asaoneke wochimwa. Thupi lili ndi malamulo ake. Ambiri timakwera phiri tikusala kudya. Munthu wa matenda a shuga amene wamwa mankhwala kapena wabaya jekeseni koma sanadye, akakwera chitunda shuga amatha kutsika kwambiri m'magazi. Amanjenjemera, amatuluka thukuta, amasokonezeka mutu mpaka kulankhula zosamveka. Wosadziwa angayambe kutulutsa ziwanda, pamene chofunika ndi kumupatsa chotsekemera msanga ngati akutha kumeza, n'kumutengera kuchipatala. Wa BP kapena wa mtima akamva kupweteka pachifuwa, ulendo wake wathera pomwepo. Mneneri Eliya ali paulendo umene unakathera kuphiri la Horebu, anagona pansi pa kamtengo atalefukiratu, ndipo mngelo anamudzutsa kawiri kuti adye ndi kumwa. Sanamudzudzule. Nayenso Yesu, pocheza ndi mayi wa ku Samariya pachitsime, anamuuza kuti kupembedza koona sikudalira phiri la kwawo kapena Yerusalemu. Kukwera phiri n'kwabwino, kumatichotsa m'phokoso. Koma pemphero la pamwala wa pakati pa njira silifika mochedwa kuposa la pansonga.

Funso lovuta kwambiri ndi lakuti, atsale ndani? Nthawi zambiri timaloza wamng'ono. "Iwe mtsikana, khala ndi agogo." Timasankha amene sangakane. Koma taganizani: agogowo akakomoka, mtsikana wa zaka 13 achita chiyani? Wotsala ayenera kukhala munthu wamphamvu zoti n'kubereka mnzake, wodziwa njira yotsikira, wokhala ndi foni ya moto ndi mayunitsi. Mwachidule, ayenera kukhala mmodzi wa amene akanafika pamwamba mosavuta, ndipo kawirikawiri ndi mmodzi wa atsogoleri. Apa m'pamene nkhaniyi imapwetekera. Sindikunamizani kuti wotsalayo sataya kanthu. Anadzuka m'bandakucha, anakonzekera, ndipo madzulo adzaona zithunzi pa WhatsApp iye mulibe. Dan Mazur anatsika Everest osaponda pansonga, ndipo palibe anamubwezera tsikulo. Chifundo chili ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira ndi wamphamvu. Yakobo atakumana ndi Esau, mbale wake anafuna kuti ayendere limodzi, koma Yakobo anapempha kuti iye azibwera pang'onopang'ono monga mwa mayendedwe a ana ndi ziweto zoyamwitsa, chifukwa kuzithamangitsa tsiku limodzi lokha kukanazipha. Mwini gulu ndi amene anachepetsa liwiro lake.

Komatu wofooka nayenso ali ndi udindo, tisabise. Ngati mukudziwa kuti muli ndi matenda, kapena ndinu oyembekezera, nenani kwa mtsogoleri ulendo usanayambe. Kubisa chifukwa cha manyazi kumasenzetsa anzanu mtolo umene sanaukonzekere, pamalo ovuta kutsitsa munthu. Ndipo wina akadzipereka kukhala nanu, musakakamize kuti gulu lonse libwerere kuti muone ngati amakukondani. Aja 200 a pa Besori sanaletse anzawo kuwoloka. Anasunga katundu, ndipo kusunga katunduko kunawerengedwa ngati ntchito. Kulandira thandizo modzichepetsa, n'kudalitsa amene akupitirira, ndi mbali yanu ya pangano.

Zonsezi sizithera kuphiri la miyala. Ambiri tili paulendo wokwera: sukulu, bizinesi, ntchito ya m'tauni, nyumba ya malata. M'banja lililonse muli amene anatsogola ndi amene anakhala pansi panjira. Pali mlongo amene analeka sukulu kuti mchimwene wake apitirire, chifukwa mbuzi zogulitsa zinali zokwanira mwana mmodzi. Pali mnzathu wa m'chilimba amene walephera kuponya mwezi uno chifukwa kunyumba kunagwa maliro. Pali amene mbewu zake zinapsa ndi chilala cha 2024 ndipo mpaka lero sanadzukebe. Palibe akunena kuti wopita ku Lusaka abwerere kumudzi, kapena kuti wokolola bwino achite manyazi ndi nkhokwe yake. Pitirirani, Mulungu akudalitseni. Koma mafunso aja atatu akukutsatirani. Amene munamusiya watsala ndi ndani? Watsala ndi chiyani? Mukabwera pa Khrisimasi, mumamulonjera ngati mnzanu wogawana naye, kapena ngati munthu amene analephera moyo? Mlongo uja anatsala ndi katundu kuti inu muwoloke. Lamulo la Davide likuti gawo lake lilipo m'zimene mwabwera nazo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: wothamanga wa lero ndiye wa ndodo wa mawa, ndipo ana akuonerera mmene tikuchitira ndi otsalira.

Kwa magulu amene mukukonza zokwera phiri m'masika ano, nazi zoti mupangane musananyamuke, osati mutafika kale pakati. Werenganani patsinde, pamwamba, ndi pobwerera patsinde, ndipo mayina alembedwe. Dziwitsani anyakwawa a mudzi wapafupi kuti mwalowa m'phiri lawo, mufunsenso malo amene safuna kuti anthu apondeko. Sankhani munthu wamphamvu woyenda kumapeto kwa mzere, amene palibe atsale kumbuyo kwake. Sankhanitu awiri amene adzatsale ngati wina atopa, kuti pasadzakhale kulozana zala. Ngakhale mukusala kudya, tengani madzi okwanira ndi kashuga kapena zotsekemera za wodwala. Panganani ola lotembenukira, ndipo likakwana tembenukani, kaya mwafika kaya simunafike. Udzu ukuuma, ndiye musasiye moto, ndipo mapepala ndi mabotolo mutsike nawo. Mukafika pamalo a zojambula zakale monga Kalemba, musalembepo mayina kapena mavesi, pakuti ndi chuma cha dziko chotetezedwa ndi lamulo. Potsika m'pamene miyendo imanjenjemera ndipo anthu amaterereka, choncho musathamange.

Ndipo inu amene mudzafike pamwamba, mukadzatsika mpaka pamwala paja, musadzangodutsa ndi nkhani za zimene mwaona. Khalani pansi pang'ono. Afotokozereni otsalawo mmene minda ndi midzi ikuonekera kuchokera kumwamba, afunseni mmene akumvera, pempherani nawo pemphero lomaliza pamalo pomwepo. Chithunzi cha gulu chimene mudzatumize pano chikhale chojambulidwa pamene onse alipo.

Sabata ino aliyense aganizire munthu mmodzi amene anayamba naye ulendo wina, koma lero sakudziwa kuti anatsalira pati. Muimbireni foni, kapena kamuoneni.

Ambuye akusungeni pokwera ndi potsika. Sabata yabwino kwa nonse. Amen.